Mtengo wa Pakhomo la Zoimbaimba

Mvula ikatha, dzinthu zitalowa m'nkhokwe ndipo mphepo ya mwera itayamba kufooka, ndiyo nyengo imene mitengo ndi makoma a m'mbali mwa misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zimavala zikalata zamitundumitundu, wailesi ndi mafoni nazo n'kumalengeza usana ndi usiku kuti woimba wakutiwakuti akubwera pa tsiku lakutilakuti, ndi kuti kunyanja kudzakhala chikondwerero cha masiku atatu chimene wochiphonya adzachilira chaka chathunthu. Kale munthu poona chikalata chotere ankayamba wawerenga dzina la woimba, kenaka tsiku ndi malo, namaliza ndi mtengo wolowera. Koma masiku ano maso amathamangira kumunsi kumene kwalembedwa ndalama, ndipo ambiri, atawerenga pamenepo, sakwezanso maso kuti aone amene adzaimbe. Dandaulo limeneli si la kwathu kokha ayi. Likumveka ku London, ku New York ndi ku Dublin, ndipo lidafika kale m'nyumba za malamulo ndi m'mabwalo a milandu a maiko olemera, kotero kuti nafenso kutiyenera kufunsa modekha kuti ndalama ya pakhomoyi idachokera kuti, ikukwera chifukwa ninji, ndipo akuidya ndani.

Makolo athu sadaike khomo pa nyimbo. Chimtali, mganda, tchopa ndi ingoma zinkavinidwa pabwalo, ndipo bwalo lilibe chitseko. Ng'oma ikalira madzulo inkaitana mfumu ndi mlendo wodutsa, mkamwini ndi mwana wamasiye, onse ndi liwu limodzi. Malipiro ankadza pambuyo, pamene munthu wokhudzidwa mtima ankalowa m'bwalo kukasupa, wina ndi kandalama, wina ndi mkanda, wina ndi nthungululu chabe, ndipo panalibe wopirikitsidwa chifukwa chakuti wabwera chimanjamanja. M'menemo munali nzeru ziwiri: munthu ankalipira atamva kale, ndipo ankalipira monga mwa mphamvu zake. Koma tisanamizane kuti zonse zinali zokoma, pakuti woimba bangwe kapena kaligo woyenda m'midzi ankadya za chifundo, ndipo ngakhale m'masiku a wailesi, Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona amene banjo yake idamveka m'nyumba iliyonse ya dziko lino, adakhala moyo wausiwa kufikira imfa yake. Amene akulakalaka zakale akumbukire kuti kusowa kwa khomo kudakomera omvera kuposa oimba.

Kwa Azungu nakonso nyimbo zidakhala zaka mazanamazana m'matchalitchi, m'nyumba za mafumu ndi m'misika, woimba nadalira bwana mmodzi womudyetsa ndi kumuveka. Mu Disembala 1672, John Banister, woimba vayolini amene adatumikirapo mfumu Charles II, adalengeza m'nyuzipepala kuti kunyumba kwake ku Whitefriars mu mzinda wa London kuzikhala nyimbo masana, ndipo aliyense wopereka shilini imodzi ankaloledwa kukhala pansi ndi kumvera. Olemba mbiri ambiri amawerengera tsiku limenelo monga chiyambi cha zoimbaimba zolipira pakhomo. Shilini ija idamasula woimba ku goli la bwana mmodzi, nimupatsa mabwana ambirimbiri osamudziwa. Koma idatembenuzanso dongosolo lakale, popeza tsopano munthu adayenera kulipira asanamve, ndipo wopanda shilini adatsala pabwalo kumvera zotuluka pazenera. Patapita zaka zosakwana 200, mu 1850, P. T. Barnum adabweretsa ku America mayi wa ku Sweden wa mawu okoma, Jenny Lind, ndipo m'malo moika mtengo adagulitsa matikiti oyamba pa okushoni. Tikiti yoyambirira idagwera John Genin, wogulitsa zipewa, pa madola 225, ndipo iye sadataye kanthu, pakuti dzina lake ndi la zipewa zake lidamveka dziko lonselo. Kuyambira pamenepo kudadziwika kuti tikiti si chilolezo chomvera nyimbo chokha, koma ingakhalenso katundu wamalonda ndi chovala chodzionetsera.

Komabe kwa zaka zambiri za m'ma 1900 mtengo wa pakhomo udakhala wofatsa, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino, pakuti ndicho msana wa nkhani yonseyi. Pamene gulu la The Beatles lidaimba pa bwalo la Shea Stadium ku New York mu Ogasiti 1965, pamaso pa anthu oposa 55,000, tikiti yodula kwambiri sidafike madola 6, ngakhale kuti pansi pa thambo panalibe oimba otchuka kuposa anyamata anayi a ku Liverpool amenewo. Sikuti okonza zoimbaimba a masiku amenewo anali oyera mtima kuposa a lero, koma chuma cha woimba chinali m'mbale za galamafoni, ndipo pambuyo pake m'makaseti ndi m'ma CD, kotero kuti ulendo woimba m'mizinda unali njira yolengezera chimbale chatsopano, ndipo kunali kwanzeru kutsitsa mtengo kuti holo idzaze, popeza aliyense wotuluka m'menemo ali wokondwa, m'mawa mwake ankalowa m'sitolo kukagula nyimbo zimene wamva.

Dongosolo limeneli lidagwa pamene nyimbo zidalowa m'kompyuta. Mu 1999 kudabadwa Napster, njira imene achinyamata ankapatsirana nayo nyimbo pa intaneti popanda kulipira, ndipo ngakhale mabwalo a milandu adaitseka msanga, mwambo umene idaphunzitsa sudatsekeke. Malonda a zimbale adatsika chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi 15. Makampani onga Spotify, imene idayamba kutumikira anthu mu 2008, adabwezako ndalama zina, koma nyimbo ikamvedwa kamodzi m'menemo malipiro ake safika ngakhale senti imodzi ya ku America, ndipo kachiduswa kameneko kamagawidwanso pakati pa kampani yojambula, wopeka ndi woimba. Chotero zinthu zidatembenuka: kale zoimbaimba zinkaitanira chimbale, lero chimbale ndicho chimaitanira zoimbaimba, ndipo katundu yense amene kale ankasenzedwa ndi mitu iwiri tsopano ali pa mutu wa tikiti yokha. Magazini ya Pollstar, imene imawerengera malonda amenewa, idapeza kuti pa maulendo 100 aakulu a ku North America tikiti yapakatikati inali pafupifupi madola 26 mu 1996, ndipo pofika 2024 idapitirira madola 130. Ndiko kukwera kasanu, m'nyengo imene mitengo ya zinthu zina m'dzikomo idangokwera kawiri.

Kwathu kuno nkhani idayenda m'njira yomweyo, ngakhale mochepa. M'zaka za m'ma 1990, pamene nyimbo za ku Balaka za Alleluya Band, Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro zidadzaza maminibasi, woimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kufalikira kufikira ku Chitipa ndi ku Nsanje, ndipo ngakhale oimba ankadandaula kuti gawo lawo n'lochepa, panali kanthu kogwira m'manja. Kudadza makompyuta a m'misika kumene nyimbo mazanamazana zimabenedwa pa kamemore kamodzi ndi ndalama yosagula n'komwe buledi, kudadzanso WhatsApp, ndipo msika uja udazima. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, limatolera ndi kugawa zimene lingathe, koma sizikwana kudyetsa gulu la anthu khumi chaka chonse. Tsono ife amene timatumizirana nyimbo mwaulere m'mafoni, tikafika pakhomo ndi kupeza mtengo wakwera, tisafulumire kutukwana woimba, pakuti walira mvula walira matope.

Pali chifukwa china chimene chili m'chilengedwe cha ntchito yoimbayo. Akatswiri awiri a zachuma, William Baumol ndi William Bowen, adachifotokoza mu 1966: fakitale ingathe kupanga lero nsapato khumi pa nthawi imene kale inkapanga imodzi, koma nyimbo yolembedwera oimba anayi zaka 200 zapitazo imafunabe anthu anayi ndi mphindi zomwezo, ndipo anthu anayiwo ayenera kudya, kuvala ndi kulipira lendi pa mitengo ya lero. Pamwamba pa ichi, maso a anthu adazolowetsedwa zazikulu. The Beatles adaimba ndi zokuzira mawu zochepa mphamvu kotero kuti phokoso la khamu lidawamiza. Woimba wamkulu wa lero amayenda ndi malole ambirimbiri onyamula nsanja, magetsi, zoonetsera zithunzi ndi antchito mazana, ndipo mliri wa Covid-19 utaimitsa zonse mu 2020, amisiri ambiri a ntchitozi adapita kukafuna zina, obwererawo nakweza malipiro, mafuta ndi mtengo wonyamula katundu nazonso zitakwera.

Zonsezi ndi zoona, ndipo wantchito asamanidwe dipo la thukuta lake. Koma sizikwana kufotokoza mkwiyo umene ulipo, pakuti anthu sakwiya ndi mtengo wokha, amakwiya ndi chinyengo. Pa tikiti ya ku America pamakhala mtengo wolembedwa, umene gawo lake lalikulu limapita kwa woimba, ndipo iye kapena omuimira ndiwo amauvomereza (chinthu chimene oimba ena sakonda kuti chidziwike). Koma kwa zaka zambiri munthu akafika polipira ankapeza pawonjezedwa ndalama za utumiki, za malo ndi za kutumiza, zimene ofesi yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma m'dzikolo, ya GAO, idapeza mu 2018 kuti zimafika pa 27 peresenti ya mtengo wa tikiti. Ndalama zimenezi zimagawidwa pakati pa eni malo, okonza zoimbaimba ndi kampani yogulitsa matikiti. Ndipo kuyambira mu 2010, pamene kampani yogulitsa matikiti ya Ticketmaster idaphatikizana ndi kampani yokonza zoimbaimba ya Live Nation, kawirikawiri atatuwa amakhala a nyumba imodzi, imene imakonza ulendo, imayendetsa malo oimbira ambiri, imayang'anira oimba ena, nigulitsanso matikiti. Mu Meyi 2024 boma la America, pamodzi ndi zigawo zambiri za dzikolo, lidakasuma kubwalo la milandu ponena kuti kampaniyi yagwira pafupifupi 80 peresenti ya malonda a matikiti m'malo oimbira aakulu ndipo ikupsinja opikisana nayo. Kampaniyo idakana mlanduwo.

Amene adaona zimenezi zisanakule ndi anyamata a gulu la Pearl Jam, ndipo ayenera kukumbukiridwa ndi ulemu. Mu 1994, ali pachimake pa kutchuka kwawo, pamene akadatha kulipiritsa chilichonse, adafuna kuti tikiti yawo ikhale madola 18 ndi kuti ndalama yoonjezera isapitirire dola imodzi ndi masenti 80. Atalephera kumvana ndi Ticketmaster adakadandaula kuboma, awiri a iwo, Stone Gossard ndi Jeff Ament, nakapereka umboni kunyumba ya malamulo. Boma lidatseka kafukufuku wake mu 1995 osachitapo kanthu. Oimba anzawo otchuka, amene mawu awo akadalemera, ambiri adakhala chete. Ndipo poyesa kuyenda m'malo osagwirizana ndi kampaniyo adapeza kuti malo otero ndi ochepa, akutali ndi osakonzeka, kufikira adagonja. Mutu umodzi susenza denga. Chikhala kuti oimba khumi aakulu adaima nawo chaka chimenecho, mwina ana a omvera awo sakadakhala akulira lero.

Kulirako kudamveka koposa mu Novembala 2022, pamene matikiti a ulendo wa Taylor Swift adatsegulidwa. Anthu mamiliyoni adakhala pa makompyuta maola ambiri, makina nagwa, matikiti oposa 2 miliyoni nagulidwa tsiku limodzi, ndipo malonda a anthu onse amene adalonjezedwa adathetsedwa; koma tsiku lomwelo matikiti anali atapezeka kale kwa madobadoba a pa intaneti pa madola zikwizikwi. Madobadoba a masiku ano saima pakhomo ndi matikiti m'thumba monga timawaonera pa mpira; ali ndi mapulogalamu a kompyuta amene amagula matikiti mazana m'kuphethira kwa diso, ngakhale kuti dziko la America lidaletsa mchitidwewu ndi lamulo la mu 2016. Nkhaniyi idafika ku nyumba ya malamulo ya Senate mu Januwale 2023. Ulendowo, wa zoimbaimba 149, udasonkhanitsa madola oposa mabiliyoni awiri, chinthu chimene sichidachitikepo chiyambire. Ku Britain zidachitika pa 31 Ogasiti 2024, pamene matikiti a gulu la Oasis adatsegulidwa, patangopita masiku ochepa abale awiri a ku Manchester, Noel ndi Liam Gallagher, amene adapatukana mu 2009, atalengeza kuti gulu lawolo libwerera. Anthu adalowa pamzere wa pa intaneti akudziwa kuti tikiti yoimirira ndi pafupifupi mapaundi 150, ndipo atadikira tsiku lathunthu, pofika kutsogolo adapeza malo omwewo ali pa mapaundi oposa 350, napatsidwa mphindi zochepa kuti asankhe. Munthu wotopa, amene walonjeza kale mkazi wake kapena mwana wake, salingalira bwino pa mphindi zotero, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezi. Ichi ndicho ndikuchitcha chinyengo, ngakhale lamulo litachipatsa dzina lofatsa. Bungwe loona za mpikisano pa malonda m'dzikomo lidatsegula kafukufuku patangopita masiku ochepa.

Otsutsa ali ndi mawu awo, ndipo n'koyenera kuwapatsa bwalo. Amati mipando ya m'bwalo lamasewero ili ndi chiwerengero, pamene ofuna kulowa ndi ochuluka kakhumi. Woimba akaika mtengo wotsika, ndalama yotsalayo sikhala m'thumba la wosauka, koma imagwera dobadoba amene sadaimbe, sadanyamule chingwe, sadapeke liwu ngakhale limodzi. Nanga si bwino kuti ndalamayo ipite kwa mwini luso? Mawuwa ali ndi mphamvu, koma amabisa chinthu chimodzi, ndicho chakuti dobadoba angathe kumangidwa manja. Mu 2023 Robert Smith, mtsogoleri wa gulu la The Cure, poyenda ku America adakana mitengo yosinthasintha, adaika matikiti ena pa madola 20, nalamula kuti tikiti isagulitsidwenso pa mtengo woposa umene idagulidwira. Ndipo atamva kuti kwina ndalama zoonjezera zaposa mtengo wa tikiti yeniyeniyo, adakalipa poyera kufikira Ticketmaster idabweza madola 10 kwa ena ndi madola 5 kwa ena. Matikiti pafupifupi 7,000 ogwidwa m'manja mwa madobadoba adafafanizidwa. Malo adadzaza, gululo silidasauke. Dziko la Ireland nalo lidakhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa kugulitsanso matikiti a malo aakulu pa mtengo woposa wolembedwa. Chotero woimba wamphamvu akanena kuti manja ake ndi omangika, tili ndi chifukwa chomukayikira.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma matenda a kwathu, pakali pano, ali ndi gwero lina. Kuno kulibe kampani imodzi yogwira makomo onse, ndipo wokonza zoimbaimba kawirikawiri ndi munthu amene waika ndalama zake ndi za ngongole pa usiku umodzi, osadziwa ngati kugwa mvula kapena kugwa maliro a munthu wamkulu. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene Will Jameson adayambitsa ku Chintheche mu 2004, ndi cha Sand Music Festival, chimene malemu Lucius Banda adayambitsa mu 2010, zidaphunzitsa Amalawi kuti woimba wa ku Jamaica monga Busy Signal kapena wa ku Tanzania monga Diamond Platnumz angathe kuima pa mchenga wa nyanja yathu. Koma mlendo wotere amalipidwa m'madola, ndege yake ndi ya anthu ake imalipidwa m'madola, zida zambiri zoimbira zidagulidwa m'madola, pamene wolowa pakhomo amalipira m'makwacha. Banki yaikulu ya dziko lino itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nichepetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, woimba yemweyo, woimba nyimbo zomwezo, adadula koposa kawiri, asanawerengedwe mavuto opeza madolawo. Onjezanipo dizilo wa jenereta, popeza palibe wokonza wanzeru amene angadalire magetsi okha. Onjezanipo alonda ndi apolisi, lendi ya malo, chilolezo cha COSOMA ndi msonkho. Mudzaona kuti mtengo wa pakhomo ungakwere kwambiri wokonzayo n'kubwererabe kwawo ndi ngongole.

Pali zina zimene sitinganamizire kwacha, ndipo ndi zathu zathu. Pali mwambo wa akuluakulu ena, amene ali ndi ndalama zogulira matikiti khumi, koma amayesa kuti kulipira pakhomo n'kunyozeka, natumiza uthenga wopempha matikiti aulere awo, a akazi awo ndi a anzawo. Pali alonda olowetsa anthu kumbali ndi theka la mtengo. Pali matikiti achinyengo osindikizidwa kuseri. Aliyense wolowa motero amalipiridwa ndi mphunzitsi kapena namwino amene waima pamzere mwachilungamo. Kugula tikiti ndi Airtel Money kapena Mpamba kwatsekako ming'alu ina, ndipo ndi chinthu chabwino. Palinso chisalungamo chimene oimba athu akhala akudandaula nacho kwa zaka zambiri, chakuti mlendo amalandira zochuluka ndi kugona malo aulemu, pamene mwana wa kuno, amene nyimbo zake ndizo khamulo limaziimba ndi mtima wonse, amapatsidwa zotsala, mwinanso kuuzidwa kuti adikire mawa. Ndipo pali mpanda uja umene tsopano umadula bwalo pakati, kupatula malo a patsogolo kukhala a VIP ndi VVIP. Sindikana kuti olemera alipire zambiri, pakuti ndalama yawo ingatsitse mtengo wa ena. Chimene chimandiwawa ndi kuona patsogolo pa nsanja pali matebulo a anthu okhala pansi, otembenukira ku mabotolo ndi mafoni awo, pamene ovina enieni, odziwa liwu lililonse, akankhidwira kumbuyo kumene woimba amawaona ngati mithunzi. Woimba aliyense adzakuuzani kuti mphamvu yake imachokera ku nkhope zimene zili pafupi naye.

Tsono chimene chili choopsa koposa pa kukwera kwa mitengoku sichioneka chaka chomwecho. Mlimi amene wagulitsa chimanga chonse pamodzi ndi cha mbewu, chifukwa mtengo wa pamsika wakoma, amaoneka wolemera mwezi umodzi, koma mvula yoyamba imamupeza alibe chodzala. Momwemonso malonda a nyimbo amene amatsekera kunja mnyamata wa sukulu ndi mtsikana woyamba kumene ntchito akudya omvera ake a zaka 20 zikubwerazo, ndi oimba ake omwe, pakuti palibe woimba amene sadayambe waima m'khamu ali mwana, pakamwa pali yasa, akuyang'ana zala za woimba gitala. Ku Britain aona kale zimenezi. Chaka cha 2023, chimene mabwalo aakulu adadzaza koposa kale lonse, bungwe la Music Venue Trust lidawerenga malo ang'onoang'ono oimbira 125 amene adatsekedwa kapena kusiya kuchititsa nyimbo; ndipo munthu amene wataya malipiro a sabata yathunthu pa usiku umodzi wa woimba wotchuka alibenso kanthu kokamvera achinyamata a m'dera lake. Komatu m'tizipinda totero ndimo Oasis yomweyo idayambira. Pozindikira ichi, bungwelo lidapempha kuti paundi imodzi pa tikiti iliyonse ya m'mabwalo aakulu izipita kukathandiza malo aang'ono, ndipo gulu la Coldplay lidalonjeza kupereka 10 peresenti ya phindu la zoimbaimba zake za ku Wembley ndi ku Hull za mu 2025.

Amene adakulira mu Blantyre akudziwa chimene malo a French Cultural Centre anali: masana a Lamlungu, pamene bambo ankatha kubwera ndi mkazi ndi ana pa mtengo wopirira, kumvera Black Missionaries kapena kuonera sewero la zisudzo, n'kubwerera kwawo ku Ndirande kapena ku Zingwangwa dzuwa lisanalowe, minibasi zikadayenda. Afalansa atachoka mu 2011 malowo adawonongedwa ndi kubedwa, ndipo ngakhale boma lidawatenga ndi kuwatcha Blantyre Cultural Centre, adakhala zaka zambiri ali chigonere. Kutayika kwa malo otero kumakweza mtengo mwakachetechete, popeza oimba amakankhidwira ku mahotela odula ndi ku malo omwera mowa a usiku, kumene mwana sangalowe ndipo wopanda galimoto sangabwerere. Ndipo chikondwerero cha kunyanja, mukaphatikiza tikiti, ulendo, chakudya ndi pogona, chili kutali ndi munthu wolandira malipiro otsikitsitsa monga kulili kutali ku London.

Ngakhale zili tero, bwalo lopanda chitseko silidafe m'dziko lino. Mwezi wa Novembala anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira woimba Evison Matafale, amene adamwalira mu 2001, ndipo abale ake a Black Missionaries amaimba popanda kulipiritsa. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, wolemba ndakatulo wothawa kwawo ku Congo, Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, adayambitsa mu 2014 chikondwerero cha Tumaini, chimene polowa salipiritsa, ndipo anthu zikwizikwi amapita kukamvera nyimbo pakati pa anthu amene alibe ngakhale dziko. Alendo amagona m'nyumba za othawa kwawowo ndi kugula chakudya chawo, ndalama n'kutsala m'manja mwa eni mudzi. Sikuti zikondwerero zimenezi zilibe mtengo. Nsanja, zokuzira mawu ndi dizilo zimalipidwa ndithu, koma zimalipidwa ndi othandiza ndi abwenzi, osati pakhomo. Makampani a mafoni, a zakumwa ndi mabanki, amene maina awo amapachikidwa pa nsanja za zikondwerero zathu zazikulu, ali ndi mphamvu yomweyo. Asanasaine chikalata cha thandizo, angathe kufunsa wokonzayo kuti ndi matikiti angati amene apatulidwira ana a sukulu pa mtengo wochepa, kuti oimba a kuno alipidwa liti ndipo zingati, ndi ngati padzakhala chionetsero cha masana chimene banja lingapiteko. Ndipo makhonsolo a mizinda, amene ali ndi maholo akale ongokhala m'madera ambiri, angathe kuwakonza denga ndi magetsi ndi kuwabwereketsa motsika mtengo kwa magulu oyamba kumene.